Funsani Azakhali: Mwana wa eni nyumba wauza mwana wanga kuti watopa ndi moyo

Makalata atatu a mwezi uno achokera kuno ku Ontario, ndipo onse akunena za anansi athu a ku Punjab, dera la kumpoto kwa India. Sindinachite kuwasankha, anangofika motsatana. Amene mumakhala ku Brampton, Malton kapena Mississauga simudabwa: mwini nyumba, woyendetsa basi, mnzanu wa pa shifiti, namwino wa agogo, mwa anayiwa simulephera kupezamo Mpunjabi. Kalata yoyambayi ndinaiyankha pa foni tsiku lomwe inafika chifukwa siyinali yodikira magazini. Ndaiika pano mwini wake atavomera, ndipo zina ndazisintha kuti banjalo lisadziwike.

*

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Mulanje, koma chino ndi chaka chachitatu tili ku Brampton. Tikuchita lendi m'besimenti ya banja lina la Apunjabi. Ndi anthu abwino. Pa chikondwerero chawo cha Diwali amatitsitsira maswiti, ndipo tsiku lina galimoto itakana kulira ndi chisanu, bambo a pakhomopo anatuluka ndi mawaya kudzandithandiza. Mwana wanga wamkazi wa zaka 15 ndi mtsikana wa m'mwambamo wa zaka 16 ndi paubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. Sabata yatha ndinamupeza mwana wanga akulira usiku. Nditamukakamiza anandionetsa foni. Mnzakeyo wakhala akumulembera kuti watopa, akanakonda atagona osadzukanso, ndipo makolo ake adzapuma iye akadzachoka. Anamulumbiritsa kuti asauze munthu. Akuti masamu ndi sayansi zikumukanika pomwe makolo ake anauza kale abale onse kuti adzakhala dokotala, komanso pali kamnyamata kena kamene kunyumba sakukadziwa. Bambo ake amayendetsa thiraki mpaka ku Texas, amatha masiku khumi osabwera. Mayi ake amagwira usiku ku fakitale. Masana amatsala ndi agogo ake amene Chingerezi sakumva. Amuna anga akuti tisalowerere za eni tingathamangitsidwe nyumba, ndipo ati atsikana a masiku ano amangolankhula. Ndichite chiyani?

Mayi wa nkhawa, Brampton

Mayi,

Abambo a kwanuko ndawamva pa za nyumba, ndipo ndibwerako. Koma pa zoti mwanayo akungolankhula, alakwa. Werenganinso zimene walembazo. Sananene kuti sukulu yamutopetsa. Wanena kuti makolo ake adzapuma iye akadzachoka. Mwana akafika podziona ngati katundu pamutu pa anthu amene amawakonda, ife amene timagwira ntchito ya zaumoyo timasiya zonse n'kukhala pansi. Muno mu Canada anthu pafupifupi 4,500 amadzipha chaka chilichonse, anthu 12 pa tsiku, ndipo pakati pa achinyamata a zaka 15 mpaka 24, kupatula ngozi palibe china chimene chimapha ambiri kuposa chimenechi. Ambiri mwa iwo amakhala atanenapo kanthu kwa wina. Kawirikawiri winayo amakhala mnzawo wa msinkhu umodzi, monga mwana wanuyu.

Ndikulankhula ngati munthu amene anaphonyapo. Mu 2012, ndili ndi zaka zitatu zokha kuno, mwana wa achimwene anga ku Ntcheu anandiimbira. Mayeso a fomu 4 anali atamuvuta kachiwiri. Anati, "Azakhali, ine ndatopa, mwina mungopuma nane." Ndinali pa siteji ya basi, zala zitauma ndi kuzizira, ndipo ndinamuyankha kuti apemphere, ndimutumizira ya fizi mwezi ukatha. Mwezi sunathe. Ndinali namwino wa zaka khumi ndi zinayi pa ntchito, koma funso limodzi lokha limene linafunika tsiku limenelo sindinalifunse, chifukwa ndinkaopa kuti kulitchula n'kuliitana.

Mantha amenewo ndi amene nanunso muli nawo, ndiye tiyambire pomwepo. Kufunsa munthu ngati akuganiza zodzipha sikumuikira ganizolo m'mutu. Ofufuza aliunika kambirimbiri funso limeneli, pakati pa achinyamata ndi akuluakulu omwe, ndipo sanapeze kuti kufunsa kumaonjezera ngozi. Zimene ndaona ine ndi maso n'zakuti mapewa a mwana amatsika, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni wochokera nawo kuphiri.

Choncho muitaneni mtsikanayo atsike kwanu lero, osati Loweruka. Ana a Apunjabi mayi aliyense wamkulu amamutchula kuti "Aunty", ndiye malo muli nawo kale. Muikireni tiyi. Mwana wanu akhalepo poyamba, chifukwa ayenera kunena yekha kuti, "Ndawauza amayi, poti ndimaopa kukutaya." Kenako nenani zimene mwaona osazungulira: "Ndawerenga zimene unalemba. Sindikukukalipira. Kodi ukuganiza zodzipha?" Mawuwo muwatchule momwemo. Musati "ukuganiza zopusa?" kapena "sungachite zoipa, eti?" chifukwa mafunso otere amauza mwana yankho limene mukufuna kumva, ndipo adzakupatsani lomwelo. Mukafunsa, khalani chete. Ife amayi a Chimalawi pamenepa mpamene pamatikanika: timathamangira vesi, timathamangira kumukumbutsa kuti ku Mulanje ana akugona ndi njala pomwe iye ali ndi chipinda chakechake. Mwana amene akudziona kale ngati wosayamika, mukamuuza zimenezo mwangomuonjezera umboni.

Akavomera, funsaninso ngati waganiza kale za njira ndi tsiku, ndiponso ngati anayesapo. Akati inde, kapena mukaona kuti usiku uno sutha bwino, musamusiye yekha ngakhale kupita kukazimitsa mbaula. Imbani 911 kapena pitani naye ku emergency ya chipatala chimene chili pafupi. Ngati sizinafike pamenepo, imbani 9-8-8, nambala yothandiza anthu oganiza zodzipha, muli naye limodzi. Nambala imeneyi inayamba kugwira ntchito dziko lonse pa 30 Novembala 2023, ndi yaulere, usana ndi usiku, ndipo mungathe kuimba kapena kulemba meseji. Inunso panokha mungaimbe kufunsa kuti, "Ndili ndi mwana wa mnansi pano, nditani?" Amayankha mafunso otero tsiku lililonse. Mtsikanayo muikireni m'foni nambala ya alangizi a ana ndi achinyamata a Kids Help Phone, 1-800-668-6868, kapena alembe mawu akuti CONNECT ku 686868. Ana ambiri amene sangatsegule pakamwa amatha kulemba pa 2 koloko usiku ali m'bulangete.

Tsopano povuta penipeni, masitepe okwera m'mwambamo.

Makolo ayenera kudziwa. Inu simungamulondere mwana amene amagona pamwamba pa denga lanu. Koma muuzeni mtsikanayo musanakwere, ndipo mumupatse mphamvu pang'ono: asankhe ngati muyambe ndi mayi kapena bambo, ngati akhalepo kapena ayi, ndiponso zimene zinenedwe. Za kamnyamatako musazitchule. Si zimene zikufunika kuti moyo wake utetezeke usiku uno, ndipo mukaziulula nkhani yonse itembenuka kukhala mlandu wa chibwenzi, foni ilandidwa, ndipo chingwe chimodzi chimene mwanayo akulankhulira chiduka. Mumufunsenso mwachindunji ngati kunyumba amamenyedwa kapena kuopsezedwa. Akati inde, musakwere masitepe. Yambirani kwa mlangizi wa kusukulu kwake kapena ku Children's Aid, bungwe loteteza ana, ya ku Peel, chigawo chimene muli Brampton. Lamulo la Ontario limakakamiza aliyense kukanena za mwana wosakwana zaka 16 amene ali pangozi, ndipo wa zaka 16 kapena 17 limalola kukanena ngakhale silikakamiza.

Ngati palibe zotero, ndipo m'mabanja ambiri mulibe, pitani kwa mayiyo nthawi imene wadzuka ndipo agogo ali kuchipinda. Mutchuleni kuti "Bhenji", ndiko kuti achemwali. Muyenera kudziwa chimene chidzayambe kulira m'mutu mwake. Apunjabi ali ndi mawu akuti "lok ki kehange", ndipo tsiku limene mnzanga wa kuntchito anandimasulira ndinaseka mpaka misozi, chifukwa ndi "anthu adzati chiyani" yathu yomwe ija, sanasinthe ndi mchere womwe. Pamwamba pake pali "izzat", ulemu wa banja, umene kwa ambiri umasenzedwa ndi ana aakazi. Mayiyo adzaganiza za apongozi ake, za akugurdwara (kachisi wa Asikh, chipembedzo cha Apunjabi ambiri), za abale a ku Jalandhar kapena Ludhiana ku Punjab amene nkhani imawafika pa WhatsApp tiyi asanazizire, ndiponso zoti mbiri ya "misala" ikamveka, mtsikanayo ndi ang'ono ake adzavutika kupeza banja. Musamuone ngati mayi wouma mtima. Akugwira usiku ku fakitale chifukwa cha mwana yemweyo. Ndiye chiganizo chanu choyamba chikhale chakuti, "Nkhani iyi ili pakati pa ine ndi inu, sinatuluke ndipo situluka." Mukatero muisungedi. Isakafike ku gulu la amayi a kutchalitchi ngati pempho la mapemphero lokhala ndi adiresi.

Mawu akuti matenda a maganizo musayambe nawo. Anthu a ku Punjab ambiri, makamaka akuluakulu, amalankhula za mtima ndi thupi. Wofufuza wina, Inga-Britt Krause, analemba mu 1989 za Apunjabi a ku Bedford ku England amene ankafotokoza vuto lawo kuti mtima ukumira. Masiku ano mudzamva kwambiri akuti "tension". Ifenso timati "akuganiza kwambiri", "mtima sukukhazikika", "mutu ukumulemera". Yambirani pamenepo: mwana sakugona, sakudya bwino, tension yamuchuluka, mpaka wanena kuti akufuna kufa. Mawu omalizawo musawameze. Mungafewetse njira yonse koma pothera pake mayiyo amve chenicheni.

Palinso mantha a polisi. Makolo amenewa anakulira ku India nthawi imene kuyesa kudzipha unali mlandu pansi pa gawo 309 la malamulo awo, mpaka lamulo la za umoyo wa maganizo la 2017 linabwera kudzachotsa mano ake. Ifenso tinakula tikumva pa wailesi kuti wakutiwakuti ali m'manja mwa apolisi chifukwa anafuna kudzipha. Muuzeni mayiyo momveka kuti ku Canada zimenezo zinatha mu 1972, mwana samangidwa, ndipo kupita naye kwa dokotala sikulembedwa ngati mlandu wa banja.

Musakwere manja lendelende. Tengani dzina la malo amene mayiyo akalankhule Chipunjabi. Ku Brampton ndi ku Malton kuli bungwe la Punjabi Community Health Services, ambiri amangoti PCHS, limene linayamba mu 1990, ndipo amene analitsogolera kwa zaka zambiri ndi Baldev Mutta. Ntchito zawo zambiri anazipatsa dzina lakuti Sahara, kutanthauza chochirikiza, chinthu chotsamira: pali ya umoyo wa maganizo, ya omwa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ya okalamba, komanso amathandiza ongofika kumene pa za mapepala, ntchito ndi sukulu. Chimene ndimawayamikira n'chakuti amadziwa kuti mwana wa Chipunjabi sabwera yekha. Kumbuyo kwake kuli mayi, bambo, agogo ndi azakhali a ku Surrey, ku British Columbia, amene ali ndi maganizo pa chilichonse. Mlangizi wosadziwa zimenezi amauza mtsikana wa zaka 16 kuti akaike malire ndi makolo ake, mwana n'kubwerera kunyumba ndi malangizo amene sangawagwiritse ntchito ngakhale pa khomo la bafa. Wodziwa amaitana mayi, n'kuyamba ndi kumufunsa kuti iyeyo akugona maola angati. Kulinso SOCH Mental Health, imene anaiyambitsa anamwino awiri a Chipunjabi a ku Brampton komweko, ndipo imaphunzitsa za nkhanizi m'chinenero chawo. Mayi amene akuopa kuonedwa pa khomo la ofesi angayambe ndi kumvera zimenezo pa foni.

Dziwaninso kuti ena amakana dala malo a anthu a kwawo, poopa kukumana ndi mnansi pa benchi. Zikatero musakakamize. Dokotala wa banja alipo, mlangizi wa kusukulu alipo, ndipo EveryMind ndi bungwe loona za ana ndi achinyamata m'chigawo chonse cha Peel. Makolo akakaniratu zonse, mtsikanayo sanatsekeredwe: ku Ontario mwana wa zaka 12 kupita m'tsogolo angathe kulandira uphungu mwa kufuna kwake.

Chinthu chimodzi chimene mayiyo angachite tsiku lomwelo, ndipo chimapulumutsadi: mankhwala onse a m'nyumba atsekeredwe. M'nyumba yokhala ndi agogo mumakhala kabati yodzaza ndi a shuga, a BP, a tulo. Nanunso kwanu pansipo chitani chimodzimodzi, poti amatsikako. Nthawi yoopsa kwambiri mwa wachinyamata imatha kukhala ya mphindi zochepa chabe, ndipo ikadutsa popanda chogwira pafupi, ambiri mawa lake amakhala ndi moyo ndipo amapitirira kukhala nawo.

Mayiyo akati apita naye ku gurdwara kukapemphera, musatsutse. Asikh ali ndi chiphunzitso cha "chardi kala", kukhala ndi mtima wokwera ngakhale pa mavuto, ndipo chawanyamula pa zambiri. Koma ndaonanso chikusanduka ndodo, monga momwe "Mkhristu sadandaula" imasandukira ndodo kwathu. Ingomuuzani kuti agogo amapemphera m'mawa uliwonse koma jakisoni wa shuga sasiya.

Za nyumba tsopano, kuti abambo agone. Ngati besimenti yanu ili ndi khitchini ndi bafa zakezake, lamulo la Residential Tenancies Act limakutetezani, ndipo mwini nyumba sangakutulutseni chifukwa wakwiya. Payenera kukhala chifukwa chovomerezeka ndi chigamulo cha Landlord and Tenant Board, bwalo loweruza nkhani za lendi. Ngati mumagawana khitchini kapena bafa ndi eni akewo, chitetezo chimenecho mulibe, ndipo sindikunamizani. Mwina Diwali ya chaka chino maswiti sadzatsika. Ine ndinganyamule katundu kawiri kusiyana n'kudzaima pa maliro a mwanayo ndikudziwa zimene ndinawerenga m'foni.

Musaiwale wanuyo. Wasenza chinsinsi cholemera kuposa msinkhu wake, ndipo pano akudziona ngati wapereka mnzake. Muuzeni kuti wachita bwino, kuti ntchito yake ndi kukhala mnzake basi, osati mlonda wa usiku. Meseji yoopsa ikabwera akudzutseni, ngakhale ili 3 koloko. Ndipo pakapita masiku mumufunse iyenso funso lija. Inde, lomwelo.

*

Azakhali,

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Mississauga. Pa shifiti yathu pali mnyamata wa zaka 20 wa ku Punjab amene anabwera ngati wophunzira pa koleji. Kale anali wanthabwala, amandiitana kuti "Uncle Malawi". Miyezi iwiri tsopano wawonda, amagona chokhala pa buleki, ndipo anandiuza kuti bambo ake anakongola ndalama poika munda chikole kuti iye abwere, pepala lake lokhalira muno likutha, ndipo sangabwerere chimanjamanja. Amakhala anthu asanu ndi awiri m'besimenti imodzi. Kodi munthu amene si nzika angathandizidwe kuti? Ine ndi bambo wa zaka 52, za uphungu sindizidziwa.

Uncle Malawi, Mississauga

Achimwene,

Dzina limene anakupatsanilo ndi ntchito, ndipo mwayamba kale kuigwira. Zonse zimene ndauza mayi wa ku Brampton pa za kufunsa zikukhudzani inunso. Mwa anthu odzipha muno, amuna amaposa akazi pafupifupi katatu, ndipo mnyamata sadzalira pamaso panu. Adzangoti "sindingabwerere". Mufunseni mukumuperekeza pa galimoto, maso onse ali kumsewu, chifukwa amuna amalankhula bwino akakhala phewa ndi phewa kusiyana ndi maso ndi maso. 9-8-8 safunsa pepala la munthu. Ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite a ku Ontario alinso ndi yawo, Good2Talk, pa 1-866-925-5454.

Mnyamatayu si mmodzi. Pofika kumapeto kwa 2023, Canada inali ndi ophunzira akunja oposa 1 miliyoni, ndipo oposa 400,000 anali a ku India, ambiri a ku Punjab. Amalipira fizi yoposa katatu ya ana a konkuno. Mabanja a alimi anakongola, ena anagulitsa gawo la munda, atalonjezedwa ndi ma ejenti kuti ukangomaliza zaka ziwiri, pepala la ntchito ndi lokhazikika zimabwera zokha. Kenako malamulo anasintha ana ali kale m'madzi. Mu Januwale 2024 nduna yoona zolowa ndi kutuluka pa nthawiyo, Marc Miller, inalengeza zochepetsa ziphaso za ophunzira atsopano ndi 35 pa 100 iliyonse. Ndalama zimene wophunzira ayenera kuonetsa kuti ali nazo zodzisamalira zinakwera chaka chomwecho kuchoka pa madola 10,000 kufika pa 20,635. Makosi ena anasiya kupereka mwayi wa pepala la ntchito munthu akamaliza. Maola ogwira ntchito kunja kwa sukulu, amene kwa kanthawi anali opanda malire, anaikidwa pa 24 pa sabata mu Novembala chaka chomwecho. Werengani nokha maola 24, muchotse lendi, basi, chakudya ndi chiwongoladzanja cha ngongole ya ku mudzi. Ndiye kumudziko amayi a mnyamatayo akuonetsa anansi chithunzi chake ataima pa Niagara Falls.

Pa funso lanu lenileni, pali msampha umene umabweza ambiri. Thandizo la ongofika kumene limene boma la ku Ottawa limalipira, monga makalasi a Chingerezi a LINC, ndi la okhazikika ndi othawa kwawo ovomerezedwa, osati ophunzira akunja. OHIP, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la Ontario, nayonso siwakhudza ophunzirawa, amadalira inshuwalansi imene imalowa mu fizi. Mnyamata akabwezedwa pa khomo limodzi amaganiza kuti onse ndi otseka. Si choncho. Mabungwe ambiri ali ndi ndalama zochokera ku nthambi zosiyana, za chigawo, za mzinda, za anthu akufuna kwabwino, ndiye funso loyenera si lakuti "mumathandiza ongofika?" koma "muli ndi chiyani cha wophunzira wakunja?" Afunse choncho ku PCHS, ku Indus Community Services, ndiponso pa 211, nambala imene imalozera anthu kumene kuli thandizo ndipo imapeza womasulira. Koleji yake ili ndi alangizi amene analipira kale. Zipatala zazing'ono zotchedwa Community Health Centre zimaonanso anthu opanda OHIP.

Za pepalalo, chimene chimapha mtima ndi kusadziwa tsiku ndi njira. Khalani naye pansi, mulembe deti limene likutha. Likatha pamakhala masiku 90 opempha kubwezeretsedwa, koma n'kwabwino kwambiri kupempha lisanathe. Asapereke ndalama kwa aliyense amene dzina lake silikupezeka m'kaundula wa College of Immigration and Citizenship Consultants, bungwe lovomereza alangizi a za mapepala, kapena amene si loya wovomerezeka. Mu 2023 ophunzira ambiri a ku Punjab anatsala pang'ono kuthamangitsidwa chifukwa cha makalata abodza a koleji amene ejenti anawakonzera iwo osadziwa. Munthu wosimidwa ndi nyama ya akambalame otere, ndipo ena amagulitsa ngakhale malonjezo a ntchito pa madola masauzande.

Mimba isadikire mapepala. Gurdwara iliyonse ili ndi langar, khitchini ya ulere imene inayamba ndi Guru Nanak mwini, ndipo aliyense amadya, Msikh kapena ayi. Iye akuidziwa kuposa inu, koma mwina manyazi akumugwira kupita tsiku lililonse ngati wopempha. Ndiye mupempheni kuti akutengereniko inuyo, akakuonetseni. Ya pa Dixie Road, Ontario Khalsa Darbar, simungaiphonye. Mukavula nsapato, mukafunda kansalu kumutu, mukakhala pansi pa mkeka ngati pa chinkhoswe, ndipo mukadya dal ndi roti mpaka mukane nokha. Ine tsabola wake anandiliza, pomwe ndimadzitama ndi kambuzi. Ku Mississauga kulinso Seva Food Bank imene anayambitsa ndi Asikh.

Chomaliza n'cholemera, ndipo muchinene ngati bambo. Mwina pepalalo silidzatheka. Mnyamatayo ayenera kumva kuchokera kwa mwamuna wamkulu kuti kubwerera si imfa. Ife a ku Malawi nkhaniyi timaidziwa, takhala tikulandira obwera ku Joni ndi kachikwama ka pulasitiki kuyambira nthawi ya Wenela, ndipo patapita zaka palibe amakumbukira kuti anabwera ndi chiyani. Mufunseni kuti bambo ake atapatsidwa kusankha, munda kapena mwana, angatenge chiyani. Ngati akuopa kuimba kwawo, khalani pambali pake akamaimba.

*

Azakhali,

Bwanji amwenye ali ndi mabungwe awoawo a zaumoyo olipiridwa ndi misonkho yathu, pomwe ife Amalawi tilibe? Si tsankho limenelo?

Wodabwa, Etobicoke

Bambo Wodabwa,

Choyamba, mawu akuti amwenye amatipusitsa. Timaona sitolo za ku Limbe, pomwe eni ake ambiri makolo awo anachokera ku Gujarat. Punjab ndi dera lina, chinenero china, ndipo ambiri amene ali kuno ndi ana a alimi a tirigu ndi mpunga. Kwathu anafikako kale ndithu: Harry Johnston anabweretsa asilikali a Chisikh ku Nyasaland mu 1891.

Chachiwiri, zitseko zimenezo si zokhoma. Bungwe lolandira ndalama za boma silikufunsani mtundu pa khomo, ndipo ine ndatumizako anthu a ku Jamaica ndi a ku Nigeria amene ankakhala pafupi. Mungapite mawa.

Chachitatu ndi chiwerengero ndi zaka. Pa kalembera wa 2021 Brampton inali ndi anthu 656,480, ndipo mmodzi mwa anayi aliwonse anali Msikh. Dziko lonse linali ndi Asikh oposa 770,000. Anayamba kufika ku British Columbia zaka zoposa 120 zapitazo kudzagwira ntchito m'macheka a matabwa, ndipo kachisi wawo wa ku Abbotsford wa 1911 akadalipo. Sanalandiridwe ndi nthungululu. Mu 1914 sitima ya Komagata Maru inafika pa doko la Vancouver ndi anthu 376, ambiri Apunjabi, inaimitsidwa pamadzi miyezi iwiri n'kubwezedwa, ndipo boma linadzapepesa m'nyumba ya malamulo mu 2016. Ufulu wovota anaupeza mu 1947. Ofesi ya PCHS imene mukuiona ndi chikwangwani lero ndi ya mu 1990, patadutsa mibadwo itatu.

Ife tonse a ku Toronto ndi madera ozungulira tingakwane m'holo imodzi pa 6 Julayi, ndipo nsima imatsalako. Chimene tili nacho ndi gulu la WhatsApp limene limadzuka mwamphamvu wina akamwalira: masiku atatu, ndalama zotumizira thupi ku Chileka zakwana. Ndinapemphapo kuti pa mndandanda womwewo tilembepo mayina a anthu asanu, amuna ndi akazi, amene akalandire maphunziro a safeTALK, a theka la tsiku okha, ophunzitsa kumva munthu akamanena zofuna kufa ndi kumufikitsa kwa othandiza. Anandiyankha awiri. Ngati inu muli wachitatu, lemberani ku magazini ino, akonzi andipatsira.